Funsani Anti Nabanda: za ubweya wa nkhandwe wa pa majasi

Mwezi uno makalata a kuzizira achuluka, ena ochokera kunja ena konkuno, ndipo angapo akufunsa chinthu chimodzi, ubweya wa nkhandwe uja amasokera majasi ndi makolala. Ndawaika pamodzi. Ena ndawadula pang'ono musakwiye, malo ndi ochepa.

Anti, ine ndili ku Harbin ku China kuno, ndinabwera pa sukulu mu September ndipo anzanga akundiopseza kuti January akafika ndidzalira. Ndazungulira m'mashopu kufuna jasi, nde ambiri ali ndi ubweya pa kolala kapena kuzungulira chipewa chake, ena ngaubweya okhaokha. Wogulitsa akuti iyi ndi blue fox, iyi silver fox, ina akuti red fox, mitengo yosiyana kwambiri koma ine ndikungoona ubweya basi, blue fox yo olo buluu wake sindikumuona. Kusiyana kwake nkotani, nanga yofunda kwambiri ndi iti? Ndalama zanga nzochepa sindikufuna kuberedwa masanasana.
Chikondi, Harbin

Mwana wanga Chikondi, akukuopsezawo sakunama. Harbin mu January kutsika kufika -20 kapena kupyola apo si nkhani yoti anthu adabwe nayo, ndiye jasi gula ndithu, koma tiye tione kaye zomwe akukugulitsazo.

Mayina onse amene wamvawo amachokera ku nyama ziwiri zokha. Yoyamba ndi red fox, nkhandwe yofiira ija imapezeka ku Ulaya, ku Asia ndi ku North America, asayansi amati Vulpes vulpes. Yachiwiri ndi arctic fox, Vulpes lagopus, kakang'onoko, kwawo nkumpoto kwenikweni kozizira, Greenland, Svalbard, Siberia, kumpoto kwa Canada. Silver fox si mtundu wina ayi, ndi red fox yomweyo yongobadwa yakuda, ndipo kutchire mayi mmodzi atha kubereka ana ena ofiira ena akuda. Palinso cross fox, yofiira koma ili ndi mzere wakuda pamsana ndi wina wodutsa m'mapewa, nayo ndi red fox. Blue fox ndiye ndi arctic fox. Buluu usamufunefune sumupeza, zowetedwazo ubweya wake ndi woyererako, nsonga zake zotuwa kapena zodera, makamaka pamsana.

Tsono chomwe uyenera kudziwa usanatulutse ndalama ndi ichi. Nkhandwe iliyonse ili ndi ubweya wa mitundu iwiri pachikopa chimodzi. Pansi pali waufupi, wofewa, wothithikana, umenewu ndi umene umasunga mpweya wofunda kuti usathawe. Pamwamba pali wautali, wolimbako, wonyezimira, wotchinga mphepo ndi chinyontho, ndipo ndi umene maso amauona. Kufunda kumachokera pansipo, kukongola kumachokera pamwambapo, ndipo mitundu yonseyi imasiyana pa nkhani yoti uti wachuluka kuposa unzake.

Blue fox wapansiwo ndi wochuluka zedi, wapamwamba ndi wofupikirako, nde ukaika dzanja limangomira, ukachotsa ubweya umabwerera mwakale. Uzira mpweya pamalo amodzi uone, pa blue fox yabwino chikopa sichioneka msanga olo uuzire mwamphamvu, umangoona ubweya wina pansi pa unzake. Poti ndi woyerera umalandira utoto bwino, ndiye makolala apinki, obiriwira, abuluu weniweni, olo akuda biii amene ukuwaona m'mashopumo ambiri ndi blue fox yonyikidwa, kapena mbale wake woyera kwambiri amamutchula shadow fox. Ndi imene imawetedwa yambiri, ku Finland komanso ku China komweko zigawo za Shandong, Hebei ndi Liaoning, nchifukwa chake nthawi zambiri mtengo wake umatsikirako.

Silver fox ndi ina nkhani. Ubweya wapamwamba ndi wautali, ukamayenda umagwedezeka, kukawomba kamphepo umayenda wokha. Tenga kaubweya kamodzi uyang'anitsitse pafupi ndi windo, uona kuti kumunsi nkodera, pakati pali kachigawo koyera, kunsonga nkwakuda, ndipo kuyera kwa pakatiko ndi kumene kumachititsa kuti jasi yonse izioneka ngati yawazidwa siliva. Ngati mchira ulipo nsonga yake imakhala yoyera. Kawirikawiri saunyika utoto poti chomwe anthu akulipira ndi mtunduwo. Nkhandwe imeneyi ndi imene inayambitsa ulimi wonse wa nkhandwe, m'zaka za m'ma 1890 pa chilumba cha Prince Edward Island ku Canada, azibambo awiri Charles Dalton ndi Robert Oulton anayamba kuziweta mobisa, ndipo pofika cha m'ma 1910 nkhandwe ziwiri zoti zikaswane, yaimuna ndi yaikazi, zinkagulidwa madola masauzande ambirimbiri, anthu analemera nazo ena anagwa nazo mitengo itatsika. Ku Norway mu 1933 kunabadwa ina yotuwa mowala mwa ma silver fox omwewo, imeneyo ndiye platinum fox, ukaimva dzina limenelo dziwa kuti ndi banja lomweli ndipo siitchipa.

Red fox ndiye imasiyanasiyana kwambiri chifukwa zambiri zimagwidwa kutchire. Ya ku Canada kapena ku Siberia yogwidwa pakati pa nyengo yozizira imakhala yodzadza, yofiira moyaka, pomwe ya kumadera ofundirako ubweya wake ndi wopyapyala ndipo mtundu wake ndi wotumbuluka. Dzina lokha loti red fox silikuuza kanthu, gwira wekha. Komanso kumimba ubweya umakhala woyera ndi wochepa kusiyana ndi pamsana, nde jasi yosokedwa ndi tizidutswa ta kumimba ndi m'miyendo iyenera kutchipa kwambiri kuposa ya zikopa zathunthu, pisa dzanja mkati ufufuze misoko, ikachuluka dziwa kuti ndi zidutswa.

Ukamva blue frost kapena golden island, zimenezo ndi zosakaniza. Blue frost bambo ake ndi silver fox mayi ake blue fox, imatenga kudera kwa bambo ndi kuthithikana kwa mayi, ndipo zobadwa choncho sizibereka.

Funso lako loti yofunda ndi iti, ndi blue fox, ndipo mwayi wake ndi yomwenso siidula kwambiri. Silver fox ukulipira maonekedwe. Koma ine ndikanakhala mayi ako ndikanakuletsa jasi yaubweya wokhawokha. Ubweya wa nkhandwe ndi wautali koma sulimba ngati wa mink kapena wa beaver, nyama zina zimene ubweya wake amasokeranso majasi, umathothoka pamene pakukhuzika, m'mikono, m'matumba, paphewa pomwe pakudutsa lamba wa chikwama, ndipo iwe ndi mwana wa sukulu tsiku lililonse chikwama kumsana, kukwera basi, kukhala pampando wa m'kalasi, pofika March jasi ili ndi zipala. Gula jasi yaitali yofika m'mawondo ya nthenga za bakha kapena tsekwe mkati, yokhala ndi chipewa chakuya. Ubweya wozungulira chipewacho ndi pamene umagwiradi ntchito, umaswa mphepo isanakumenye kumaso, ndipo apo olo wa feki wautali bwino umathandiza. Ndalama yotsalayo gulira nsapato zofunda, magolovesi ndi zovala zamkati zogwira thupi, poti ku Harbin chimayamba kulira ndi chala chakuphazi.

Anti Nabanda, ndimagulitsa kaunjika ku Lilongwe. Sabata yatha ndinatsegula belo ya majekete nde munatuluka chijasi chachitali chaubweya woyera motuwira, cholemera, pa lebulo analemba Saga Fox. Anzanga pamsika ena akuti ndi feki ndingogulitsa mtengo wa jekete wamba, wina akuti ndaphula, kunja chimenechi ndi mamiliyoni. Ndidziwa bwanji? Komanso chikununkha kabelo, ndingachichape ndi safu?
Mayi a Tadala, Lilongwe

Mayi a Tadala, choyamba chotsani safuyo pafupi, tikambirane bwino.

Saga ndi chizindikiro cha alimi a ubweya a maiko a kumpoto kwa Ulaya, lero kampani yake ndi Saga Furs, ili ku Vantaa ku Finland ndipo imagulitsa zikopa pa okushoni. Majasi ambiri a m'ma 1980 ali ndi lebulo imeneyo, ndipo mmene mwafotokozera mtundu wakewo ikumveka ngati blue fox kapena shadow fox. Koma lebulo munthu atha kusoka pa chilichonse, ndiye yesani nokha. Patulani ubweya ndi zala mpaka muone pansi penipeni. Weniweni wamera pachikopa, choyera kapena chachikasu pang'ono, chosalala. Wa feki walukidwa pansalu, muona timizere ta ulusi. Majasi ambiri aatali aubweya weniweni nsalu yamkati saisokerera kumunsi, mutha kuikweza nkuona kuseri kwa chikopa ndi misoko yake. Kenako onani nsonga, ubweya wa nyama umapita nusongoka kumapeto, wa feki kawirikawiri ndi wodulidwa, kunenepa kwake nchimodzimodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mukafuna kutsimikiza zulani tiubweya titatu tinayi pamalo obisika, muike pa mbale muyatse ndi machesi, kutali ndi jasiyo chonde. Weniweni umapsa nkusanduka phulusa lofumbutuka, fungo lake ndi lija la powawula mutu wa mbuzi. Wa feki umasungunuka nkupanga kampira kolimba, fungo la pulasitiki.

Musadabwe mukapeza kuti pakati pa mizere ya ubweya pali timalamba ta chikopa chopanda ubweya. Si kuba ayi, osoka amachita dala pa nkhandwe chifukwa ubweya wake ndi wochuluka, amalezaleza chikopa nkulowetsa timalambato kuti jasi ipepuke komanso isamunenepetse munthu. Kungoti timalambato tikakula kwambiri ndiye kuti anaumira ubweya.

Tsono za mamiliyoni zija. Jasi yakale mtengo wake uli pachikopa osati paubweya. Ubweya utha kuoneka bwinobwino pomwe chikopa pansi chinauma kalekale, mafuta ake anatha. Finyani mofatsa paphewa ndi kukhwapa, chikopa chamoyo ndi chofewa, chimapindika mwakachetechete, chouma chimalira kwapakwapa ndipo mukakoka pang'ono chimang'ambika, chikafika apo palibe telala angachipulumutse chifukwa singano ikalowa chimangopitiriza kung'ambika. Pitirizani dzanja pamwamba, ubweya ukamatsalira m'manja wambiri ndiye kuti njenjete zinadyamo kapena chikopa chatha. Blue fox yakale imakondanso kuchita chikasu, makamaka pakhosi ndi m'mikono, ndipo chikasu chimenecho sichichoka. Jasi yadutsa mu belo yapanikizidwa miyezi, yatenthedwa mu kontena, ndiye mwayi woti ili bwinobwino ndi wochepa. Olo kunja komweko majasi akale a nkhandwe ndi ambiri ndipo amagulidwa motsika kwambiri poyerekeza ndi atsopano, nchifukwa chake yafika kwa inu mu belo. Mnzanu wa mamiliyoniyo muuzeni agule iyeyo.

Izi sizikutanthauza kuti muitaye pamtengo wa jekete wamba. Ngati chikopa chili chofewa ikani mtengo wake wapadera ndipo musathamange, ogula ake si a June ofuna kufunda ayi, Lilongwe olo Dedza ndi Mzuzu sikuzizira kofika pofuna nkhandwe ya ku Arctic, munthu angotuluka thukuta. Ogula ake ndi oimba ojambula mavidiyo, ojambula zithunzi, a zisudzo, kapena amene akukwera ndege kupita kozizira. Ijambuleni bwino muike pa Facebook ndi pa WhatsApp.

Kuchapa ayi, madzi ndi sopo zimaumitsa chikopa, ikauma idzakhala chikuni. Osasita, osayanika padzuwa, osathira perefyumu poti spiriti wake amaumitsanso. Ikutumuleni, muipachike pa hang'ala yotakata mapewa pamthunzi podutsa mphepo masiku angapo, fungo la belo limachepa lokha. Posunga musaike mu jumbo, ikulungeni ndi nsalu ya thonje kapena shiti yakale, pamalo ozizirirako ndi ouma. Kunja eni ake amakasungitsa m'zipinda zozizira pafupifupi madigiri 10 nyengo yotentha, ife kuno October ndi kutentha kwake kenako dzinja ndi chinyezi, chuku sichichedwa. Chifukwa chinanso choti isagone chaka pa shopu panu.

Anti, mayi akunyumba akwanitsa zaka 40 mu December ndipo akhala akusirira jasi ya kolala ya silver fox. Koma mnzanga kuntchito akuti kuno ku UK ubweya ndi woletsedwa, atha kutigwira. Zoona?
Bambo Phiri, Leeds

Bambo Phiri, sakugwirani. Chomwe chinaletsedwa ku Britain ndi kuweta nyama pofuna ubweya, ku England ndi ku Wales lamulo linadutsa mu 2000 ndipo mafamu otsiriza anatsekedwa pofika 2003. Kugula, kugulitsa ndi kuvala ubweya wa nkhandwe wochokera kunja sikunaletsedwe ndi lamulo limenelo. Woletsedwa kugulitsa ndi monga wa galu ndi mphaka.

Koma mnzanuyo sanangolota. Lamulo ndi lina, maso a anthu ndi ena. Ku Britain ambiri amadana nawo ubweya weniweni, mashopu akuluakulu ambiri anasiya kugulitsa, kampani ya zovala zodula ya Gucci inasiya kuyambira 2018, olo Mfumukazi Elizabeth mu 2019 zinamveka kuti zovala zawo zatsopano sizikhalanso ndi ubweya weniweni. Israel inaletsa kugulitsa ubweya wa fashoni mu 2021, California kuyambira January 2023 salola kugulitsa watsopano, Norway yomwe inali mwini wake wa ulimi wa nkhandwe inatseka mafamu pofika 2025. Ndiye mayi atha kuvala mu basi ya ku Leeds wina nkuwayankhula zosakhala bwino, adziwiretu.

Ndipo zifukwa zake ndikuuzeni mosabisa poti mukutulutsa ndalama. Nkhandwe ya pafamu imabadwa nyengo yofunda ikamayamba, imakhala mu kakhola ka waya moyo wake wonse osaponda dothi, ikafika miyezi 7 kapena 8, cha mu November ndi December ubweya utakhwima, amaipha ndi magetsi kuti chikopa chisaonongeke. Mu 2017 gulu lina loteteza nyama ku Finland linatulutsa zithunzi za ma blue fox onenepetsedwa mpaka kuyandikira makilo 20, pomwe kutchire arctic fox imalemera makilo 3 mpaka 5, khungu lopindikapindika kumaso mpaka maso osaoneka, chifukwa chikopa chikakula ndalamanso imakula. Mu 2023 chimfine cha mbalame chinalowa m'mafamu a ubweya ku Finland konko ndipo boma linalamula kupha nyama zambirimbiri. Alimi ake amayankha kuti ali ndi malamulo owayendera, komanso kuti ubweya weniweni umakhala zaka pomwe wa feki ndi pulasitiki yosawola, ndipo pa pulasitikipo sakunama. Ine sindine munthu wodana ndi kupha nyama, nkhuku ndimazinga ndekha, koma nyama yothamanga makilomita kutchire kuitsekera mu waya chifukwa cha kolala sizindisangalatsa.

Ndiye maganizo anga, ngati mayi mtima uli pa silver fox weniweni apezereni wakale m'mashopu a zovala zakale, alipo ambiri ndipo kolala yokha siivuta kupeza ili bwino, werengani zomwe ndawauza Mayi a Tadala za kuyesa chikopa. Apo ayi, a feki a masiku ano otengera silver fox ndi okongola moti munthu sazindikira ali patali, mvula ya ku Yorkshire kwanuko saiopanso. Koma afunseni kaye eni ake mochenjera, mphatso ya zaka 40 si yongoganizira.

Anti, pa jekete yanga analemba kuti Finnraccoon, wogulitsa anati ndi fox yomweyo. Anandinamiza?
Mphatso, Johannesburg

Anakunamizani pang'ono a Mphatso. Imeneyo ndi raccoon dog, nyama ya banja la agalu ndi nkhandwe yochokera kum'mawa kwa Asia, imawetedwa ku Finland ndi ku China, malebulo ena amalemba Asiatic raccoon. Ubweya wake ndi wautali, wokhakhalako, wabulawuni wa nsonga zakuda, umayima m'malo mogona, pa zipewa za majekete ndi umene wadzadza. Kufunda umafunda bwino, kungoti ngati munalipira mtengo wa fox munaonjeza. Nyama yomweyi ndi imene kangapo yapezeka pa zovala zolembedwa kuti ubweya wake ndi wa feki, chifukwa nthawi zina weniweni wotchipa umatsika mtengo kuposa feki wabwino, ndiye amene simufuna ubweya wa nyama musadalire lebulo kapena mtengo, patulani muone pansi.

Anti, kwathu nkhandwe zilipo zambiri zimatimalizira nkhuku. Poti azungu amagula ubweya wake, sindingayambe bizinesi ya zikopa?
Achimwene a ku Ntchisi

Achimwene, nkhandwe ikukudyerani nkhukuyo ndi jackal, ija ya mzere m'nthiti ndi nsonga yoyera kumchira, ndi msuweni chabe wa zomwe tikukambazi. Ubweya wapansi wothithikana uja nyama imamera chifukwa cha chisanu choopsa, yathuyi ikukhala kofunda ndiye ubweya wake ndi waufupi ndi wokhakhala, a majasi aku Ulaya alibe nawo ntchito. Ku Botswana ndi ku Namibia anthu akhala akusoka zofunda za zikopa za jackal kuyambira kale, koma umenewo si msika umene mukuuganizirawo.

Komanso nyama zakutchire kuno zili pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act, lomwe analikhwimitsa mu 2017, kusaka ndi kugulitsa zikopa popanda chilolezo kutha kukufikitsani kukhoti, ngati zikukuvutitsani kauzeni a zanyama zakutchire kapena alangizi a ziweto a kwanuko. Ndipo nkhandwe zimanyamula chiwewe, yomwe ikubwera pakhomo masana osaopa anthu musaiyandikire olo kuisenda, ikaluma munthu tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Khola la nkhukulo likwezeni m'mwamba ndipo muzitseka dzuwa likangolowa.